Madzi Akatuluka Pampanda

Tsiku limene Mapulani anachotsedwa ntchito, ngalande inali yofiira. Anthu okhala kuseri kwa fakitale yonyika nsalu ankadziwa oda imene yalowa pongoyang'ana madzi. Akaona buluu ankati ndi mayunifolomu a sukulu, akaona chikasu ankati ndi makatani. Tsikulo madzi anali psuu ngati pophera ng'ombe.

Mapulani ankagwira ntchito mu labotale ya fakitaleyo, kachipinda ka zenera limodzi, sinki yothimbirira ndi mashelefu a mabotolo. Ntchito yake inali kuonetsetsa kuti mtundu wa pa nsalu ukufanana ndi umene kasitomala wafuna. Dzina loti Mapulani anamupatsa ndi achimwene ake akadali kamwana, chifukwa nkhuku ikathyoka mwendo, anthu akamanola mpeni iye amakhala atayamba kale kuimanga timitengo. Achimwene akewo tsopano anali kapitawo wa kumathanki, ndipo ndi amene anamupezera ntchitoyo atamaliza koleji.

M'mawa umenewo bwana analowa yekha mu labotale, zimene sankachita kawirikawiri.

"A zachilengedwe akubwera masana," anatero. "Afuna botolo la madzi athu otuluka. Mutunge pampope apo, mudonthezeremo utoto pang'ono kuti asayere kwambiri."

"Bwana, a pampope si madzi otuluka. Ndi olowa."

"Mayi, sindinabwere kudzaphunzira."

"Ndiye bwerani mudzangoona."

Mapulani anawatengera pazenera. Pamenepo panali mabotolo awiri amene anawatunga mu ngalande dzulo lake. Limodzi linali lofiirabe. Linalo linali loyera, pansi pake patakhazikika kaufa koyera.

"Madzi ndi amodzi omwewo, bwana. Kusiyana kwake ndi ufa uwu. Ndi wa titaniyamu, koma wosalala kwambiri, umene akatswiri amati nano. Kambewu kake kamodzi mutakaika pambali pa tsitsi lanu, tsitsilo lingaoneke ngati chipika. Dzuwa likaumenya umayamba kuphwanya utoto, kuuphwanyaphwanya mpaka mtundu kutheratu. Ndipo ufawo sutha ayi, mawa ugwiranso ntchito. Ndinaphunzira zimenezi ku koleji. Mutandipatsa bwalo lakuseri lija, limene mumaunjikapo migolo yakale..."

Bwana anali ndi dazi, ndipo za tsitsizo sanazikonde.

"Nanga kukachita mitambo?"

"Umagwira pang'onopang'ono."

"Ndiye fakitale yanga iziyang'ana kumwamba ngati mlimi? Mverani, mayi. Madzi akatayika saoleka. Komanso madzi akatuluka pampanda wanga si anganso, ndi a ngalande. Tungani pampope."

Masana, woyang'anira zachilengedwe atafika, Mapulani anatenga botolo lopanda kanthu. Anadutsa pampope osaima. Anadutsa pabwalo, anadutsa achimwene ake amene anamutsinzinira diso kuti abwerere, n'kukagwada pamene paipi yaikulu imalavulira madzi pansi pa mpanda. Anabwera nalo botololo likutentha, likununkha ngati mazira oola, n'kulipereka m'manja mwa mlendoyo bwana akuona.

Mlendoyo analigwira ndi zala ziwiri. Anayang'ana bwana, anayang'ana botolo, n'kuliika m'chikwama. Fakitale inangolandira chenjezo. Koma Mapulani, nthawi yoweruka isanakwane, mlonda anali atamuperekeza kale pageti, atanyamula kapu yake ya tiyi ndi mabotolo ake awiri aja.

Nyumba ya amayi ake inali kuseri kwa fakitale komweko, ndipo dimba lawo linkatsetsereka mpaka pa ngalande. Mvula ikatha, amayi ankathirira masamba ndi madzi omwewo, chifukwa ena kunalibe. Manja awo anali ndi zilonda zosapola pakati pa zala, ndipo masamba awo kumsika anthu ankawanunkhiza kaye asanagule.

Achimwene anabwera ataweruka, asanavule ndi ovololo yomwe.

"Iwe, mutu wako umagwira? Ndinagwada ine kuti ulowe paja! Lero bwana akundiyang'ana ngati ndine ndinakutuma."

"Achimwene, mwaona manja a amayi?"

"Manja a amayi ndimawagulira mankhwala ndine, ndi ntchito yomweyo imene ukuiseweretsa."

Amayi anali kusenda anyezi, nkhope atayang'anitsa m'mbale.

"Mwanangu," anatero, "mlongo wakoyu akunena zoona. Wamkulu sakangana naye. Ukapepese mawa."

"Sindipita, amayi."

"Ndiye udya chiyani? Mabotolo?"

M'mutu mwa Mapulani munkangobwerera mawu a bwana aja, oti madzi akatuluka pampanda si awonso. Ngati si awo, ndiye kuti aliyense angathe kuwagwira.

Anapita kwa aphunzitsi ake akale a ku koleji, mayi wa imvi amene ankayenda ndi ndodo. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anamupatsa chitini cha ufa uja chimene chinatsala pa kafukufuku wawo.

"Mu labotale zimatheka bwino," anatero. "Ngalande ndi nkhani ina. Ikakugonjetsa usachite manyazi kubwera."

Ngalande inamugonjetsadi koyamba. Anadula mgolo pakati, anadzazamo madzi a buluu, anathiramo ufa n'kuusiya padzuwa. Madzulo pamwamba pokha ndi pamene panayezuka, pansi pali bii. Utoto unali wochuluka moti dzuwa silinkalowa. Anapeza malata akale, anawapinda m'mbali kuti madzi azikhala osaya, ofika pa mfundo ya chala. Apo anayera. Koma powatsanula, ufa unkapita nawo limodzi, madzi n'kukhala ngati mkaka wosungunula. Anayesa kusefa ndi nsalu, ufawo unadutsa ngati palibe kanthu. Chitini chinali chitatsika kale.

Anthu odutsa panjira anamupatsa dzina latsopano.

"Adokotala a ngalande! Wodwala wanu wadzuka bwanji lero?"

"Akupeza bwino," ankayankha osadzutsa mutu. "Mawa mubwere ndi inu ndikupimeni."

Kutsidya kwa dimba kunali bambo wina woumba miphika ya maluwa, amene aliyense ankangomutchula kuti a Miphika. Anali ndi uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba yawo. Tsiku lina Mapulani anawapeza akuphula miphika yotentha.

"Bambo, mungandiotchereko matailosi?"

"Matailosi amakhala ootcha kale, mwana wanga. Kapena ku koleji anakuuzani kuti ndi aawisi?"

"Ndikufuna kuwapaka ufa uwu, uumirire pamenepo usachokenso."

A Miphika anaika chala m'chitini, n'kuchiyang'anitsitsa.

"Ukandiphulitsira uvuni, amayi ako andimangira wina."

Matailosi osweka anawatola pamene ankamanga sitolo yatsopano, n'kuwatuta pa wilibala. Anasungunula ufa, anaupaka mopyapyala ndi bulashi, a Miphika n'kuotcha. Oyamba anasupuka onse ngati khungu la njoka. Anakhula matailosi ena ndi mchenga kuti akhale okhakhala, anapakanso, anaotchanso. Amenewo anagwira. Ngakhale kukanda ndi chikhadabo, ufa sunachoke.

Kenako anayamba kumanga. M'mphepete mwa dimba la amayi anakumba masitepe aatali, otambalala, otsetsereka pang'ono, n'kuwayala matailosi aja moyang'ana kumene dzuwa limakhalitsa. Pamwamba anaika kapaipi kopatutsa madzi pang'ono kuchokera mu ngalande. Madzi ankalowa, n'kumayenda mwaulesi sitepe ndi sitepe, osaya ngati otayikira patebulo. Manja ake anachita matuza, msana unkawawa, ndipo khungu la pakhosi linapsa ndi dzuwa limene iye ankalifuna kwambirilo.

Tsiku loyamba kutsegula, madzi anali obiriwira. Pa sitepe yoyamba anali bii. Pakati anali ngati tiyi wopanda mphamvu. Pofika pansi, m'kadziwe kamene anakumba, munthu ankaona timiyala tapansi.

Amayi anaima pamenepo nthawi yaitali, manja ali m'chiuno. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kheni yothirira.

"Ayi, amayi! Musathirire."

"Iwe, si ayera awa?"

"Kuyera si kuchira. Mtundu ukhoza kutha poizoni akadalimo. Dikirani ndiwayeze kaye."

"Zaka zonsezi ndathirira ofiira sunandiletse, lero ayera ndiye ukundiletsa?"

"Ofiirawo sanali anga. Awa ndi anga."

Anatenga mbale zitatu, anayalamo thonje n'kufesamo njere za mpiru. Ina ankaithirira madzi a pampope, ina a mu ngalande, ina a m'kadziwe. Za mu ngalande zinangotupa n'kuola. Za m'kadziwe zinamera, koma timizu take tinali tatifupi, topiringizika. Anapita ndi botolo kwa aphunzitsi ake, ndipo makina a ku koleji ananena zomwezo: utoto unali utaphwanyika, koma zidutswa zake zinali zikadalimo. Mapulani anabwerera kunyumba. Sanauze munthu kuti panjira analira. Anawonjezera masitepe, anachepetsa madzi olowa kuti azichedwa padzuwa, ndipo kumapeto anaika mchenga ndi makala. Atayezanso, aphunzitsi anagwedeza mutu.

"Kumwa ayi. Koma kuthirira ndi kuchapa, pita ukauze amayi ako."

Dimba linasintha. Zilonda za m'manja mwa amayi zinayamba kuuma. Amayi oyandikana nawo anayamba kubwera ndi zidebe, omwe aja ankati adokotala a ngalande, ndipo Mapulani sanawakumbutse. Koma chimene chinabweretsa mavuto chinali njira. Munthu akaima pakamlatho kowolokera ngalande ankaona zonse ziwiri pamodzi: ngalande ya fakitale ili psuu, pambali pake kadziwe kali mbee. Anthu anayamba kujambula ndi mafoni. Zithunzizo zinayenda, mpaka zinafika kwa makasitomala a fakitale, amene anayamba kufunsa bwana kuti zikutheka bwanji kuti mtsikana mmodzi ndi matailosi osweka achite zimene fakitale yonse ikulephera.

Linali dzuwa la paliwombo pamene achimwene anatulukira pakamlatho, atatsogolera amuna anayi onyamula mapiki. Mapulani anawaona ali patali. Anavula nsapato n'kukaima pakati pa masitepe, madzi akudutsa pa akakolo.

"Choka apo," anatero achimwene, osamuyang'ana kumaso. "Bwana akuti mphepete mwa ngalande ndi mwa fakitale. Akuti ukutseka madzi."

"Si omwewo anati madzi akatuluka pampanda si awonso? Lero akhala awo chifukwa ayera?"

"Ine sindinabwere kudzaweruza mlandu."

"Mwabwera kudzagumula dimba la amayi anu."

"Ndili ndi ana, iwe! Ndikakana, mawa pageti paja atuluka ndine, ndipo abwera ena kudzagumula. Ukuganiza kuti ndikusangalala?"

"Ndiye yambani ndi ine, achimwene. Piki ndi imeneyo."

Anthu anali atayamba kusonkhana. Amuna a mapiki aja ankayang'ana pansi. Mmodzi mwa iwo mkazi wake ankatunga m'kadziwe komweko. Achimwene anapuma mwamphamvu, analowa m'madzi ndi majombo awo, n'kumunyamula Mapulani paphewa ngati thumba, monga ankachitira ali mwana akakana kusamba. Anawamenya zibakera kumsana, anawaluma paphewa kupyola ovololo, koma sanamutsitse.

"Gumulani!" anakuwa achimwene.

Phokoso la piki pa tailosi ndi lopyapyala, ngati mbale ikugwa. Mapulani analimva kambirimbiri mutu uli chozondoka. Kenako piki ina inamenya khoma la pamwamba, pamene panali kapaipi, ndipo ngalande inapeza njira. Madzi ofiira anakhuthukira pa masitepe, anadzaza kadziwe, anasefukira m'mabedi a amayi. Masamba amene anali atatsala pang'ono kuthyoledwa anamira mpaka m'khosi.

Achimwene anamutsitsa.

Amayi anali ataima pakhomo nthawi yonseyi. Anatsika pang'onopang'ono ndi beseni lawo lalikulu, analowa m'matope ofiirawo n'kuyamba kuzula masamba limodzilimodzi. Beseni litadzaza analisenza pamutu, madzi ofiira akuchucha m'masaya ndi pa bulauzi.

"Amayi, mukupita kuti?" anafunsa achimwene.

"Kukagulitsa."

Anawoloka kamlatho, anazungulira mpanda, anthu akuwatsatira pambuyo. Mlonda wa pageti anatambasula dzanja kuti awaimitse, koma atawayang'ana nkhope analibweza. Bwana anali pakhonde la ofesi ndi alendo awiri ovala masuti. Amayi anatula beseni pamapazi pawo, madontho n'kudetsa nsapato zawo.

"Bwana, ndabwera ndi ndiwo. Mwathirira nokha, ndiye ndati muyambe ndinu kulawa."

"Mayi, kodi ndinu ndani?"

"Ndine amene ndinabereka onse awiri: amene munamuchotsa ndi amene mwamutuma. Ndinamuuza mwana wanga kuti adzakupepeseni. Lero ndikuthokoza kuti sanandimvere."

Anatembenuka n'kubwerera, beseni analisiya pomwepo.

Madzulo a tsikulo Mapulani anali m'matope, akutola zidutswa za matailosi n'kumazitsuka mu chidebe. Anakanda chimodzi ndi chikhadabo. Ufa unali ukadalipo. A Miphika anabwera ndi wilibala yawo n'kuima pambali.

"Zaphwanyika zonse?"

"Zachepa msinkhu basi. Dzuwa silisankha kuti tailosi ndi yathunthu."

"Kwanga kuja ngalande imadutsanso," anatero a Miphika, akukanda chibwano. "Ndipo malo aja ndi anga, anandisiyira bambo anga fakitale isanabwere. Amene adzabwere ndi piki kumeneko adzalowa mu uvuni."

Anamanganso kwa a Miphika, patali ndi mphepete, madzi akubwera ndi paipi yaitali. Ulendo uno sanali yekha. Amayi a zidebe aja ankatuta mchenga, amuna awo ankakumba, ndipo mmodzi wa amuna a mapiki aja anabwera tsiku lopuma, chipewa atachitsitsira kumaso, n'kugwira fosholo osapereka moni. Aphunzitsi anatumiza chitini china pamodzi ndi ophunzira awo, amene ankayeza madzi ndi kudandaula za fungo. Atamaliza pamenepo, mayi wina wa kumunsi anati nayenso akufuna ake. Kenako wina.

Achimwene sanabwere kunyumba kwa nthawi yaitali. Amayi sankawatchula, koma Mapulani ankawaona akuyang'ana kukamlatho nthawi yoweruka. M'mawa wina, akuchotsa ndere pa masitepe, anaona majombo ataima pambali pake.

"Mawa tikutsuka mathanki ndi mankhwala oyeretsera," anatero achimwene, akuyang'ana kutali. "Madzi ake ndi aukali. Utseke mapaipi ako mpaka masana."

"Ndamva."

Anaimabe pang'ono, ngati pali china choti anene.

"Unandiluma kwambiri, iwe. Mpaka pano chipsera chilipo."

"Mukadzabweranso ndi piki ndidzaluma mbali inayo."

Achimwene anatsala pang'ono kuseka. Anapita kuntchito, koma poweruka anadzera kunyumba, ndipo amayi anawaikira mpando osafunsa kanthu.

Nkhani ya beseni inali itafika kutali kuposa zithunzi zija. A zachilengedwe anabweranso, ulendo uno atatu, ndipo anatunga okha pa paipi. Fakitale inauzidwa kuti ikapanda kukonza madzi ake itsekedwa. Pasanapite nthawi, mlonda wa pageti anafika kumunsi kwa ngalande, chipewa chili m'manja.

"Bwana akuti mubwere ku ofesi. Akuti bwalo lakuseri lija achotsapo migolo."

Mapulani anali atagwada, akuyala matailosi pa masitepe a mayi wa kumunsi uja, simenti ili m'manja mpaka m'zigongono. Anadziwa kuti bwalolo adzalilandira ndithu, chifukwa timasitepe take tinkangokhudza kachigawo kochepa ka madzi, ndipo ngalande yaikulu inali ikupitabe kumtsinje ndi utoto wake. Koma sanadzuke.

"Mukawauze kuti ofesi yanga ndi ino. Abwere adzaone kaye mmene zimagwirira ntchito, kenako tikambirana za bwalo."

"Adzere kuti? Galimoto siifika kuno."

"Pakamlatho, ngati wina aliyense. Ndipo muwauze avale majombo."

Mlonda anavala chipewa chake n'kubwerera. Mapulani anatambasula dzanja, ndipo amayi ake, amene anali pambali pake, anamupatsira tailosi ina.